Chilolezo cha pa Khonde

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chimene unkatsokomola pa foni chija chinatha, kapena ukungolimba nacho monga mwa khalidwe lako? Kuno tonse tikudzuka. Amayi akuyenda ndithu, kungoti mawondo amawavuta kukazizira, ndipo ndodo imene unawatumizira aisandutsa yothamangitsira nkhuku. Alamu ako, amuna angawa, ali bwino, chimimba chawo chikungopita patsogolo. Kamwana kako kaguluka dzino lakutsogolo, ndipo kakuuza aliyense kuti lina likudikira iwe kuti limere.

Usadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba. Pa foni iwe umayankhula ngati mvula ya matalala, mnzako osapeza polowera. Pano ukhala chete mpaka ndimalize.

Unandituma. Unati ndikhale pansi ndi mkazi wako, ndimuuze kuti ntchito imene kampani ija yamuitanira, yoyenda m'maofesi kulumikiza makompyuta, aikane. Unati iwe sunapereke chilolezo, ndipo ine poti ndine wamkulu andimvera. Ndinavomera. Akampaniwo akufuna yankho mwezi uno usanathe, koma mpaka lero sindinamuuze kuti akane. Sikuti ndinaiwala ayi. Tamvera zimene zachitika.

Shopu yathu ukuidziwa: chipinda chimodzi, kauntala kutsogolo, matebulo atatu, pulinta yaikulu ija pakona. Chimene sukudziwa ndi nkhondo imene inali mkatimo. Makompyuta athu atatu ankakhala ngati akazi a pamitala, denga limodzi koma osayankhulana.

Ya alamu ako ndi imene inali yolumikizidwa ku pulinta. Yanga yotayipira makalata ndi yamtundu womwewo koma yokalamba. Mtsikana wanga wamkulu, amene bambo ake amamutcha Dona, ndiye amajambula makadi ndi zikwangwani masiku ano, ndipo ali ndi laputopu yamtundu wina, yopyapyala, imene salola munthu kuiyandikira ndi kapu ya tiyi.

Ndiye aliyense akafuna kusindikiza, ankakopera ntchito yake pa kafulashi, kachipangizo konyamulira mafayilo kaja, n'kupita kukadzutsa alamu ako pampando. Ukuwadziwa alamu ako ndi mpando wawo. Kafulashiko tinakamangirira chingwe cha nsapato kuti kasamasowe, koma kankasowabe. Tsiku lina tinakapeza m'thumba la kasitomala amene anabwera nako yekha, akupepesa.

Choipa kwambiri chinali chakuti khadi limene Dona walikonza bwinobwino likafika pa kompyuta ya bambo ake, nthawi zina dzina la fayilo linkasanduka timabokosi, ndipo palibe ankadziwa kuti latsopano ndi liti, lakale ndi liti. Tinasindikizapo makadi a ukwati okhala ndi tsiku lakale. Bambo ndi mwana anatha sabata akulonjerana kudzera mwa ine, ndipo Dona anayamba kunena zokafuna ntchito kwina.

Ndiye ndinaganiza zochenjera. Ndinati ndimuitana mlamu wanga, mkazi wakoyo, Loweruka ngati ndikufuna atione makompyuta, ndipo akatopa, tikumwa tiyi, ndimuuza mawu ako. Mawuwo ndinawakonzeratu, ndinawayeserera ndikutsuka mbale.

Anafika m'mawa, mwana atamusiya kwa amayi, chikwama chake cha zida chili kumsana. Ine ndinkayesa afikira kumasula makompyuta. Ayi ndithu. Anakhala pa benchi ya makasitomala n'kuyamba kutifunsa mafunso ngati namwino: ndani amalemba chiyani, ndani amafuna kuona za mnzake, ndi chiyani chimene chitatayika tingalire. Alamu ako anayankha nthawi yaitali, poti anapeza munthu wowamvetsera.

Kenako anawerama n'kuloza pansi pa tebulo langa. Ukukumbukira kompyuta yakale ija, imene tinasiya kuigwiritsa ntchito iwe usanachoke? Ine ndinaisandutsa popondera mapazi. Anafunsa ngati imayaka. Ndinati sindikudziwa, koma ndi yabwino kwa msana. Anaseka, n'kuikoka, n'kupita nayo panja.

Fumbi limene linatuluka mmenemo, mlongo wanga, ukanadzala chimanga. Anaipukuta ndi kaburashi, anasintha kena kake mkati, n'kuyatsa. Inalira ngati ikudandaula kuti aidzutsiranji, koma inayaka. Iye anati imeneyi ndiye ikhala seva, kutanthauza kuti ntchito yake ndi kusunga mafayilo a tonse ndi kutumikira makompyuta enawo. Alamu ako anati mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa, ngakhale kuti mlendo wakeyo wakhala akudya kwathu zaka zonsezi.

Anafufuta zonse zakale n'kuikamo dongosolo lina limene ine sindinalionepo. Mulibe zithunzi, mulibe kamuvi koloza. Sikirini yakuda bii, timalemba toyera, iye n'kumangotayipa. Ndinamufunsa kuti akudziwa bwanji kumene akupita mumdima wotero. Anati ngati mmene ine ndimapezera mchere kukhitchini magetsi atazima.

Ndikanakonda ukanaona manja ake podula mawaya. Mkati mwa waya aliyense muli timawaya tating'onoting'ono tamitundumitundu, ndipo timayenera kundanda mwa dongosolo lake tisanalowe m'kamutu kapulasitiki. Amatiwongola ndi zikhadabo, n'kutiyala, n'kudula kamodzi, n'kupana ndi pulayala yake. Uku akucheza ndi Dona za nsapato. Waya aliyense anamumata kapepala kolemba kumene akupita, n'kuwadutsitsa m'mbali mwa khoma moti sungapunthwe.

Pulinta anaichotsa kwa alamu ako n'kuilumikiza ku seva ija. Apa nkhope ya alamu ako inagwa pang'ono, ngati munthu amene amulanda udindo pa msonkhano. Iye anaona, n'kuwauza kuti kuyambira lero palibenso wowadzutsa pampando. Nkhope inabwerera.

Anatifotokozera kuti makompyuta athu sankadana, kungoti aliyense ali ndi chiyankhulo chake. Seva ikhala pakati ngati womasulira: ya Dona ikapempha fayilo, iyankhidwa m'njira imene imamva, yanga chimodzimodzi. Anati pamafunika dzina loti onse aziiitanira pa netiweki. Alamu ako anatchula dzina lalitali la bizinesi yathu, Dona anatchula lachingerezi. Mkazi wako anati bwanji tingoti Khonde, poti ndi pamene anthu a m'nyumba amakumana. Palibe anatsutsa.

Usaganize kuti zonse zinangoyenda myaa. Poyesa koyamba kusindikiza kuchokera pa laputopu ya Dona, pulinta inayamba kulavula mapepala odzaza zizindikiro zosadziwika, tsamba ndi tsamba, osaima. Alamu ako anaimirira, manja m'mutu, akulira mapepala awo. Mkazi wako anangosolola thireyi ya mapepala, pulinta n'kukhala chete.

Sanazembe. Anati walakwitsa ndi iye, wasankha dalaiva wolakwika. Alamu ako anafunsa ngati pulinta nayonso imafuna dalaiva, ndipo ngati ndi choncho, amene wabwerayu ndi woledzera. Anaseka nawo, n'kufotokoza kuti dalaiva ndi kapologalamu kouza pulinta mmene ilembere. Anafufuza, anayesa wina, anakana, anayesanso wina. Ine ndikanakhala nditataya kale mtima, koma iye nkhope inali phee, akungoluma mlomo wam'munsi.

Tsamba litatuluka loyera bwino, maluwa a Dona ali m'malo mwake, mwana wanga anamukumbatira. Dona amene sakumbatira ngakhale ine.

Panatsala nkhani ya timabokosi m'maina a mafayilo. Anayang'anitsitsa, n'kufunsa kuti ndani pano amaveka chilembo cha w chipewa. Tonse tinatembenukira kwa alamu ako. Paja iwo anaphunzitsidwa kuti w wina amavala kachipewa pamutu, ndipo amamuveka ngakhale pa dzina la fayilo. Makompyuta enawo kachipewako ankakawerenga mosiyana. Ine ndinati angosiya, ndani amaona. Mkazi wako anati ayi, chipewa cha alamu chisavulidwe, akonza kuti makompyuta onse azichilemekeza. Anasintha mzere umodzi mumdima muja, ndipo w anaoneka ndi chipewa chake pa masikirini onse atatu.

Kuyambira pamenepo alamu ako samutchulanso dzina lina koma Injiniya.

Atamaliza anatenga foni yanga, n'kuikhudzakhudza, n'kundiuza nditumize chithunzi cha kamwana kako ndili panja pa msewu. Ndinatuluka, ndinadina, ndipo ndili pomwepo ndinamva pulinta ikuyamba mkatimo. Ndinachita manyazi ndi mmene ndinasangalalira, mayi wamkulu ngati ine.

Tiyi tinamwa. Mawu ako anali pakamwa penipeni, koma ndinawameza pamodzi ndi tiyiyo. Ndinadziuza kuti ndimuuza tsiku lina.

Tsopano imva za chilolezo, poti ndi mawu amene iwe unagwiritsa ntchito. Pa Khonde aliyense anapatsidwa dzina lolowera ndi pasiwedi yake. Pali foda ya tonse, ndipo aliyense ali ndi yakeyake imene iye anaitcha chipinda. Pa foda iliyonse amasankha kuti uyu angowerenga, uyu alembe ndi kufufuta, uyu asalowe n'komwe. Zimenezo akuti ndiye zilolezo.

Alamu ako atamva zimenezi maso anawala. Anati foda ya ntchito zomalizidwa za makasitomala ikhale yawo okha, wina aliyense asatsegule, chifukwa ana a masiku ano manja awo ndi opepuka. Injiniya anawalangiza mwaulemu kuti munthu mmodzi akatenga makiyi onse, tsiku limene wachoka banja lonse limagona panja. Iwo anaumirira. Iye anati shopu ndi yawo, n'kuchita monga ananenera.

Sipanapite nthawi, alamu ako anapita kukaona mkulu wawo amene akudwala, kumalo kumene foni imagwira ukakwera pachulu. M'mawa mwake kunabwera mayi wina, maso ofiira, kudzatenga mapologalamu a maliro a bambo ake. Alamu ako anali atawalemba dzulo lake, kungotsala kusindikiza. Mwambo unali masana omwewo, ndipo galimoto inkamudikira panja.

Ndinadina pa foda ija. Kompyuta inandiyankha m'Chingerezi kuti ndilibe chilolezo. Dona anayesa pa yake, yankho lomwelo. Ndinaimbira alamu ako, foni osalowa. Kulembanso sikukanatheka, poti mbiri ya malemu ndi chithunzi zonse zinali mmenemo, ndipo pepala limene banjalo linalembapo linali litapita m'thumba la jekete la alamu ako. Mayi uja sanakalipe, anangokhala pa benchi n'kuyang'ana pansi. Bola akanakalipa.

Ndinaimbira mkazi wako. Anali kwina akukonzera munthu laputopu, koma anakwera njinga yamoto n'kufika tsitsi lili ndi fumbi. Choyamba anayesa yekha kuimbira alamu ako, kenako anawalembera uthenga woti akaupeze foni ikagwira. Atatero ndi pamene anakhala pa Khonde n'kulowa ndi pasiwedi ya woyang'anira, imene imatsegula chilichonse.

Apa ndikuuze za ine mlongo wako. Foda itatseguka, ndinaona mafayilo ambirimbiri, ena a maina amene sindinawamvepo. Ndinamunong'oneza kuti tatiye tione zimene abambowa amabisa muno. Anaseka chapansipansi, osandiyang'ana, n'kunena kuti iye wabwerera pologalamu ya maliro. Anakopera fayilo imodzi yokhayo, n'kutseka monga anapezera. Pulinta inayamba, ndipo tonse atatu tinathandizana kupinda mapepala. Mayi uja potuluka anamugwira dzanja ndi manja awiri.

Alamu ako atabwerera, mkazi wako sanadikire kuti iwo amve kwa ine. Anabwera yekha kudzawauza pamaso kuti analowa m'foda yawo, anatengamo chakuti, pa chifukwa chakuti, ndipo ngati walakwa amukhululukire. Alamu ako anakanda m'mutu, anakonza mapepala amene anali okonzeka kale, kenako anati Injiniya atipatse tonse chilolezo. Anawonjezera kuti kiyi wamkulu uja, pasiwedi ya woyang'anira, asakhale ndi munthu mmodzi, andipatsenso ine.

Tsiku limenelo ndinamuperekeza mpaka pa siteji, ndipo ndinayamba kuzungulirazungulira ngati mwana amene waswa kapu. Iye anandidula. Anati akudziwa kuti unandituma, anadziwa tsiku lomwe ndinamuitana Loweruka lija, chifukwa ine sindinayambe ndamugulirapo mabisiketi a mtengo wapatali chonchija.

Anati akampani sakufuna siginecha ya mwamuna, atafuna akhoza kuvomera mawa lomwe iwe osadziwa. Koma anati sachita zimenezo. Sakufuna kumakwera makwerero m'maofesi a anthu mtima uli wolemera, akudziwa kuti kwinaku mwamuna wake akugona ndi mkwiyo. Anati ukakanadi, akana, ndipo apitiriza kukonza malaputopu a anthu apa ndi apo. Ananena zimenezi akuyang'ana minibasi zikudutsa, ndipo mawu sananjenjemere. Amene ndinagwetsa misozi ndi ine.

Ndinamufunsa ngati ntchitoyo akuifunadi. Anati alamu, mwandiona nokha.

Ndamuonadi, mlongo wanga, ndipo ndikunena mosabisa: mkazi wako ndimamusirira. Ine pa msinkhu wake ndinkaopa ngakhale kusintha babu. Iye amalowa m'chipinda mmene anthu akukangana, n'kutuluka akuseka, mawaya ali m'malo mwake. Dona sakunenanso zochoka. Bambo ake amamuitana kuti adzaone chipewa cha w.

Ndikudziwa chimene chikukudya. Uli kutali, umabwerera m'chipinda chopanda munthu, ndipo pali anthu amene amakutumizira mauthenga akuti tamuona uku, tamuona uko, wavala buluku, wakwera njinga yamoto ya mwamuna. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine sindinamve kwa munthu, ndinaima pambali pake. Ndinamuona ali ndi kiyi wotsegula chilichonse, mwini wake ali kutali, mlamu wake akumukopa kuti asuzumire, iye n'kutenga chimodzi chokha chimene anabwerera. Ngati munthu wotero sungamukhulupirire, ndiye ukhulupirira ndani?

Za mwana usade nkhawa. Masiku amene mayi ake achoka azigona kwathu, ndipo amayi anena kale kuti akumufuna masana, akuti awathandize kuthamangitsa nkhuku. Ulendo wake si wa miyezi, ndi wopita n'kubwera.

Ndiye ndikukupempha, ine amene ndinakubereka kumsana mpaka unandinyowetsera diresi langa la kutchalitchi. Muimbire mwezi usanathe. Usamuuze kuti chabwino, chita zimene ukufuna, ndi mawu ako ozizira aja, chifukwa akamva kuzizirako akana. Umuuze kuti wakondwa. Ngati sunakondwe, yamba wakhala pansi uganize za mayi uja pa benchi, akudikira chinthu chake chomwe, chifukwa mwini kiyi anapita nacho kumene foni sigwira.

Ndatsala ndi chimodzi. Pondipatsa pasiwedi ya woyang'anira ija anadikira Dona atatuluka, n'kundinong'oneza m'khutu. Ndinaseka mpaka ndinagwira tebulo. Sindiilemba yonse pano, angandiphe, poti anaisakaniza ndi manambala ndi zizindikiro zina. Koma pakati pake pali dzina limene tinakupatsa utagona ndi nsapato zako zoyamba kumapazi, ukukana kuvula. Ndinamufunsa kuti anamuuza ndani. Anati amayi, kalekale, musanakwatirane. Akuti pasiwedi yabwino ndi imene mlendo sangaiganize koma mwini wake sangaiiwale.

Anaiika Loweruka lija, akudziwa kale chimene unandituma.

Undiperekere moni kwa msuweni wathu ngati mumaonanabe, ndi kwa bambo amene mumakhala nawo nyumba imodzi, amene anayankha foni yako tsiku lija. Amayi akuti uzivala juzi. Alamu ako akupereka moni, akuti ukabwera udzaone ofesi yamakono. Dona akuti nsapato anakutuma zija sanaiwale. Mulungu akusunge, akupatse tulo tabwino ndi mtima wofewa.

Kuyambira pamene anandipatsa pasiwediyo, Khonde timaizimitsa poweruka, ndipo m'mawa ndikaiyatsa imayamba yafunsa pasiwedi isanatsegule kalikonse. Choncho tsiku lililonse, ndisanasese n'komwe, ndimatayipa dzina lako, Kansapato, ndipo zonse zimatseguka. Dzina limenelo lisakhale lotsekera mkazi wako khomo.

Ndine mlongo wako wamkulu,
wa pashopu